Timalata ta ku Kamthunzi

Ndinali kukapa madzi m'nyumba ndi mbale yakale pamene bana Mwaba analowa pampanda, atakwinya chitenje mpaka m'mawondo, akuponda pamiyala imene tinayala kuchokera kumsewu. Munali mu Malichi wa 1989. Ku Kanyama, komboni yathu ya m'tauni, madzi a mvula alibe kopita, chifukwa pansi pathu ndi thanthwe. Amangokhala nafe m'zipinda ndi pansi pa mabedi mpaka dzuwa litawamwa.

"Ba Exildah, siyani mbale iyo. Nabwela na nkhani yabwino."

Bana Mwaba anali mnansi wathu, mayi wa ku Kitwe amene tinkapemphera naye mpingo umodzi. Ndiwo ankandisungira malo pamzere wa ufa masiku amene sindinkatha kusiya atate okha. Sankanena kuti andithandiza. Ndinkangopeza mwala wokutidwa ndi kansalu kanga uli patsogolo pawo pamzere.

"Ba Mukupa, bakulu ba mpingo, bapeza lole ku nchito kwao," anatero. "Lolemba la Pasaka mpingo uyenda kukapemphela kuphili. Manje mvelani, tasankha ku Kamthunzi, kwa batate banu. Tizabanyamula. Bazankhala kutsogolo na dalaivala monga bwana."

Ndinayang'ana madzi amene anali m'mbale, ndipo ndinaiwala kumene ndimafuna kuwataya.

"Simunakondwele?"

"Ndakondwera. Mulungu akudalitseni."

Kuseri kwa nsalu yotchinga chipinda, atate anatsokomola. Bedi lawo tinali titalikweza pa mabuloko, ndipo khutu lawo silinkaphonya kanthu ngakhale dzanja ndi mwendo wakumanzere zinali zitafa. Anayankhula pang'onopang'ono, monga ankachitira chiyambire matendawo.

"Exildah. Yunifolomu yanga ili m'sutikesi. Uichape."

Atate, a Cephas, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri ku Kamthunzi, malo opumulirako alendo m'nkhalango ya boma, m'mapiri a kum'mawa ukapitirira Chongwe. Ine ndi mlongo wanga Whyson tinabadwira komweko. Panali matebulo asanu ndi limodzi a simenti pansi pa mitengo, malo ootchera nyama, bwalo lomangapo matenti, ndi kanjira kochokera pachipata, kodutsa pa kamlatho ka matabwa ndi padziwe losambira, mpaka kukafika kumathithi. M'mbali mwa kanjirako munali mitengo makumi anayi imene atate anaikhomera timalata. Ankadula lata lakale, n'kuboola ndi msomali nambala ndi dzina la mtengowo, kadontho ndi kadontho. Palibe amene anawatuma. Ankangoti mlendo sayenera kukhala pamthunzi wa mtengo umene sakuudziwa dzina.

Kumabwera aphunzitsi ndi ana a sukulu, amwenye a ku Kamwala ndi mapoto awo Lamulungu, ndi anthu a m'maofesi okhala ndi mawailesi. Kenako petulo anakwera, matayala anasowa m'masitolo, ndipo magalimoto anachepa mpaka udzu unamera pamsewu. Mu 1986 atate analandira kalata yoti malowo atsekedwa kwa kanthawi. Amayi anali atamwalira kale. Atate anabwera kwa ine ndi sutikesi imodzi, ndipo chaka chotsatira anagwa pakhomo m'mawa wina akusamba kumaso. Mwamuna wanga anali atapita ku Botswana kukafuna ntchito ya umakaniko, makalata ake n'kusiya kubwera. Tinatsala ine, ana anga awiri aakazi, ndi atate, m'zipinda ziwiri.

Whyson ndiye anatipulumutsa. Anabwerera kumapiri, ndipo Lachitatu lililonse lachiwiri ankatsika pa lole ndi matumba a makala, amene kuno timati malasha. Ine ndinkagulitsa pakhomo, m'milu ndi m'zitini, kwa aliyense wa mbaula. Atate tinawauza kuti Whyson amagula malashawo kwa anthu a kutsidya la mtsinje, kunja kwa malire a nkhalango. Zoona zake zinali zakuti ankaotcha yekha, ndipo palibe amene ankadziwa nkhalangoyo kumposa iye. Anayambira kutali, kuseri kwa phiri. Ena atamuona anamutsatira. Mitengo ya kuseri itatha, nkhwangwa zinatsikira ku kanjira ka alendo.

Whyson sankakhalitsa m'nyumba. Ankapereka moni ali pakhomo, n'kunena kuti ali ndi litsiro ndipo lole ikumudikira. Akachoka, atate ankandiitana.

"Wanena chiyani za muwanga wa pachipata?"

"Akuti ulipo, Atate. Ukuphuka bwino."

Bodza loyambalo linali lalifupi. Koma atate ankafunsabe, ndipo ine ndinayamba kuwonjezera. Ndinkati masuku abereka kwambiri chaka chino, anyani awononga denga la chimbudzi cha alendo, njuchi zabwerera mumphako ya mtondo. Iwo ankatsinzina, n'kumamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. Anamwino a kukiliniki anali atandichenjeza kuti munthu wa sitiroko sadzidzimutsidwa, yachiwiri imapha. Ndinagwira mawu amenewo ngati chilolezo. Komabe kuyambira pamenepo ndinasiya kudya Mgonero. Mbale ikamazungulira m'tchalitchi ndinkangoipatsira kwa mnzanga, ndipo akulu a mpingo akabweretsera atate Mgonero kunyumba ndinkapeza chochita panja.

Ntchito imodzi yokha ndi imene atate ankagwira. Thumba likatsala pang'ono kutha, ndinkakhuthulira zotsalira zake palichero, n'kuwaikira pamiyendo, kuti azisankha timalasha ting'onoting'ono m'fumbi ndi dzanja lawo labwino. Anamwino ankati dzanja lizigwira ntchito. Iwo ankaikonda ntchitoyo, ndipo sankafuna kuti ana awathandize.

Lachitatu la sabata ya Pasaka ndinakadikira lole pamsewu, chifukwa sinkatha kulowa m'madzi. Whyson anatsika ali wakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, maso okha ofiira ndi utsi. Ndinamukokera kuseri kwa kantemba kogulitsa fodya ndi kumuuza za ulendo wa mpingo.

Anaseka, kenako anaona nkhope yanga n'kusiya.

"Ba sisi, kulibe vamene bazaona kuja. Vitsa chabe."

"Matebulo aja?"

"Yatsala yatatu. Pa bwalo ya matenti ndiye pali mauvuni yootchela malasha. Kamulatho tinasonkhela moto mu Juni."

"Tiwauze kuti msewu unakokoloka."

"Manje lole iyi imapita pati? Theka la mpingo igula malasha kwa imwe. Badziba kuti msewu ulipo."

"Ndiye ulowe m'nyumba uwauze wekha."

"Ine? Mufuna nibaphe na kamwa yanga?" Anapukuta kumaso ndi malaya, n'kudzidetsa kwambiri. "Imwe mupemphela kwambili. Uzani Mulungu agwetse mvula Lolemba."

"Usaseke ndi dzina la Mulungu, Whyson."

"Siniseka. Nalema, ba sisi. Muganiza nimagona bwino kuja? Muwanga uja ninauzungulila masiku yatatu nikalibe kuutema. Koma sabata ija munalibe unga wa nsima m'nyumba, na mankhwala ya batate yanali yatha. Munaniuza mweka."

Zinali zoona. Ndinamuuzadi, ndipo sindinamufunse kuti achita chiyani.

"Lolemba ubwere," ndinatero. "Ukapanda kubwera, usadzabwerenso."

Ndivomereze kuti ndinapemphereradi mvula. Sindikhulupirira kuti ku Kanyama kunali munthu wina amene ankapempha mvula mu Malichi umenewo, nsapato zikuyandama m'zipinda. Lachinayi kunacha koyera, Lachisanu chimodzimodzi, ndipo madzi anayamba kuphwa pabwalo, kusiya matope obiriwira.

Loweruka ndinapita kwa ba Mukupa, mkulu wa mpingo amene anapeza lole. Ndinali nditakonza mawu njira yonse: ndinene kuti atate afooka, ulendo wa maola atatu sangaupirire. Ndinawapeza pabwalo ndi amuna ena awiri, akumangirira mitengo iwiri yaitali kumpando wa m'nyumba mwawo ndi zingwe za mphira. Unali mpando wawo wabwino, umene ankakhazikapo abusa. Pampandopo panali katsamiro kosokedwa ndi matumba a ufa, ndipo ndinazindikira kasokedwe ka bana Mwaba.

"Mwana wa ba Cephas, bwelani muyese," anatero ba Mukupa. "Ngati yanyamula imwe, izanyamula na beve."

Anandikhazika, amuna aja n'kundinyamula kuzungulira bwalo, ana a m'nyumbamo akuseka. Atanditsitsa, ba Mukupa anatulutsa kapepala m'thumba la malaya.

"Batate banu banatiuza kuti kuli mitengo folote kuchoka pa geti kufika ku mathithi. Nasankha mavesi folote. Pa mtengo uliwonse tizaima, beve bazatiuza dzina, ise tizabelenga vesi. Bana bathu aba babadwila mu matope, sibadziba na mtengo wa masuku mwamene uonekela." Anapinda kapepalako mosamala. "Munabwela na mau?"

"Ndinabwera kudzathokoza."

Pobwerera ndinaima pa mpopi wouma wa pakona, ndipo ndinakhalapo nthawi yaitali. Ndikanena zoona kwa ba Mukupa, mpingo wonse ukanadziwa kuti chakudya chathu chimachokera m'nkhalango yoletsedwa, ndipo nkhani yotere sichedwa kufika kwa apolisi. Ndikanena kwa atate, mwina ndikanawaika m'manda sabata yomweyo. Ndikangokhala chete, akanakaona okha, ali pampando, pamaso pa anthu makumi asanu. Ndinafika kunyumba, ndinasonkha malasha m'simbi, n'kusita yunifolomu.

Lamulungu madzulo ba Mukupa anabweretsera atate Mgonero wa Pasaka. Ine ndinatuluka kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Lolemba kunacha kopanda kamtambo. Ndinawasambitsa atate, ndinawameta ndevu, n'kuwaveka kaki wawo. Malaya anali atawakulira, kolala ikuzungulira khosi ngati ya munthu wina, koma anaumirira kuti ndimange mabatani onse. Kumsewu kunkamveka kwaya ikuyesa nyimbo pamwamba pa lole. Whyson anabwera atasamba, atavala malaya oyera obwereka, ndipo anaima pakhomo monga mwa masiku onse. Posakhalitsa ba Mukupa anafika ndi amuna anayi ndi mpando uja, bana Mwaba ali pambuyo ndi botolo la tiyi.

"Adikire panja pang'ono," anatero atate. "Whyson, lowa. Lero ulibe litsiro."

Analowa, n'kukhala pansi pafupi ndi khoma.

"Exildah, kumutu kwa matiresi kuli chitini. Ndipatse."

Chinali chitini chakale cha mkaka wa ufa. Ndinkachiona nthawi zonse poyala bedi, ndipo ndinkayesa kuti amasungamo malezala ndi makadi a kukiliniki. Anachipana pakati pa mawondo, anachitsegula ndi chala chachikulu, n'kukhuthulira pabulangete. Munatuluka tizidutswa ta malata, takuda, topindika ndi moto, tina tili ndi msomali wake.

Anayamba kutiyala ndi dzanja limodzi, kuchokera kumiyendo kwa bedi kukwera kumutu. Sankafulumira. Kalikonse ankakapukuta ndi chala, n'kukayang'anitsa kuwala kwa pawindo kuti madontho aoneke.

"Wani. Muwanga wa pachipata. Unabwera mu Epulo chaka chatha." Anakaika. "Fayifi, mombo. Sikisi, mombo. Naini, mtondo wa njuchi." Pena ankasiya mpata waukulu ngati chikhatho. "Apa sindikudziwa. Mwina inapita m'matumba a anthu ena."

Whyson anali atagwira pakamwa.

"Timalatati sunatione pokhapa, eti?" anatero atate osamuyang'ana. "Sukanationa. Khungwa linatimeza kalekale. Mtengo umakula, lata limalowa m'kati. Moto ndiwo umatitulutsa, ndipo timatsikira pansi pa thumba chifukwa n'tolemera."

Timalata tonse tinali khumi ndi tinayi. Komaliza anakaika pafupi ndi pilo.

"Sate seveni. Katope wa padziwe. Wabwera Lachitatu lapitali. Ndiye kuti wafika padziwe."

"Nafika, Atate," anatero Whyson.

"Folote?"

Whyson anameza malovu. "Ulipo. Mkuyu supanga malasha yabwino."

Atate anatulutsa kamphepo m'mphuno, kuseka kwawo kwa masiku amenewo. "Ndinkawauza alendo kuti mkuyu ndi mtengo waulesi, sungapangire mpini, sungapangire chitseko. Ndiye watsala wokha."

Whyson anagwada, nayamba kunena kanthu, koma atate anakweza dzanja.

"Iwe dikira. Zako tikakambirana kuphiri, pa chitsa chilichonse. Udzanyamula nawo mpando, kutsogolo, kuti ndizikuona msana. Muwanga uja unandigulira mankhwala, ndinamwa. Unagula ufa, ndinadya, ndipo ndinapempha wina. Sindikuweruza ndili ndi mimba yokhuta."

"Atate," ndinatero, "musapite. Mutima wanu."

"Mtima wanga wakhala ukupita kumeneko Lachitatu lililonse lachiwiri, palichero. Sunaime." Anatembenuza mutu movutikira, n'kundiyang'ana. "Tsegula nsaluyo. Uwaitane ba Mukupa."

Ndinakoka nsalu. Ba Mukupa analowa atavula chipewa, bana Mwaba anaima pakhomo, ndipo amuna a mpando aja anasuzumira pamapewa awo. Onse anayang'ana timalata pabulangete, ndi mipata yake.

"Ba Mukupa, mavesi anu muwatenge ndithu," anatero atate. "Mitengo kulibe, koma mayina ndikuwadziwa, ndipo ana amve. Tsopano ndikufuna mumve ichi ngati mkulu wa mpingo. Mwana wanga uyu sanadye Mgonero chaka chathunthu. Munaona?"

"Ninaona. Sininafune kufunsa."

"Dzulo anaanula zovala zonyowa. Ndinazimva zikudontha pampando usiku wonse." Anapuma, chifukwa mawu ambiri ankawatopetsa. "Tsiku limene ndinapeza nambala wani, ndinali nako m'dzanja muno, pansi pa bulangete, ndipo ndinamuitana. Ndinamufunsa za muwanga. Ndinkafuna ndione ngati anena. Anati ukuphuka bwino. Ndipo ine, ba Mukupa, ndinaona muwanga uja ukuphukadi, masamba ake ofiira aja. Ndinatsinzina, ndinachoka m'chipinda muno, ndinakhala pamthunzi. Ndiye ndinafunsanso sabata ina. Ndinkadziwa kuti akunama, ndinkadziwa chimene bodzalo likumudyera, ndipo ndinkafunsabe, chifukwa ndinalibe khomo lina lotulukira."

Kumsewu dalaivala analiza hutala kawiri.

Atate anagwira m'mphepete mwa bedi ndi dzanja lawo labwino, nayesa kutsetsereka kuti agwade. Mwendo wakufa unakana, ndipo timalata tinasokonekera, tina n'kugwera m'matope a pansi. Whyson anawagwira m'khwapa. Anakhala choncho, theka pabedi theka m'manja mwa mwana wawo, kolala ya kaki itakwera mpaka m'makutu, ndipo anakweza mawu kuposa mmene ndinawamverapo chidwalire, kuti ndi a panja omwe amve.

"Exildah, mwana wanga, ndinakutuma bodza chaka chonse kuti ine ndizikhala pamthunzi. Undikhululukire."